A Gwirani Ankayang'ana Kukhoma

Kuseri kwa malo okwerera basi, pomwe phula limathera n'kuyamba msewu wafumbi, kuli chipatala cha ziweto cha mpanda wa njerwa ndi geti lobiriwira. Munthu sasochera popita kumeneko, amangotsata kuuwa kwa agalu. Pachipatalapo pankagwira ntchito abambo ena amene dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi mkulu wolemba malipiro basi. Ena onse ankangoti a Gwirani. Dzinali linachokera pakamwa pa adokotala, amene kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ankangonena mawu amodzi omwewo. Galu akakwera patebulo, "Gwirani!" Mphaka akatulutsa zikhadabo, "Gwirani!" Mapeto ake ngakhale ana a abambowo akafunsidwa kusukulu kuti bambo anu ndani, ankayankha kuti a Gwirani, osachita nazo manyazi.

Anali munthu wamfupi, wa chifuwa chotambalala, mikono ngati zipika za nkhuni. Kusukulu sanapite patali. Ali mnyamata ankasenza katundu wa anthu pamalo okwerera basi paja, ndipo ntchito ya agalu inawapeza yokha, iwo osaifuna. Tsiku lina chigalu chakuda chinadula chingwe kuchipatala kuja n'kutulukira pakati pa anthu. Amayi anataya madengu, makondakitala anakwera pamwamba pa mabasi, wapolisi amene anali pomwepo anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kwina. A Gwirani anali atasenza thumba la anyezi, ndipo kuthawa kunali kosatheka. Chigalu chitawalumphira, anaponya thumba pansi n'kuchikumbatira, poti panalibenso china chochita. Anthu anaomba m'manja. Adokotala a nthawi imeneyo, amene anafika ali wefuwefu chingwe chili m'manja, anawalemba ntchito pomwepo asanawafunse n'komwe dzina.

Chimene adokotalawo anaiwala kufunsa n'chakuti kodi mnyamatayu amatani akaona jakisoni. Apa ndi pamene pagona nkhani. A Gwirani sankaopa galu, sankaopa njoka, sankaopa apongozi. Ankaopa singano. Ali mwana anadwala malungo, ndipo amalume awo awiri anawapanikiza pabenchi pamene bambo wina wa chovala choyera ankawiritsa chisingano m'kapoto n'kuchitulutsa chikufuka nthunzi. Malungo anachoka, koma chisingano chija chinatsala m'mutu. Kuyambira pamenepo akangoona kansonga kachitsulo kakung'anima, m'maso munkachita mdima.

Tsiku loyamba pantchito anakweza galu patebulo lachitsulo, adokotala n'kutsegula firiji, kutulutsa kabotolo, kuyamba kukoka mankhwala. A Gwirani anamva thukuta likutsetsereka kumsana. Anapanikiza mutu wa galu pachifuwa chawo, anamuphimba maso ndi chikhatho, iwo eni n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Anayamba kunong'ona, osadziwa ngati akuuza galu kapena akudziuza okha: "Basi, basi, mwana wabwino. Sizipweteka. Zatha kale, tikupita kunyumba." Galu uja, amene anali atang'amba kale buluku la mlonda m'mawa womwewo, anangoti zii mpaka kumaliza.

"Iwe, bwanji ukuyang'ana kukhoma?" anafunsa adokotala.

Munthu akapanikizika bodza limabwera lokha. "Galu amawerenga maso a munthu, adokotala. Mukayang'ana singano, iye amadziwa kuti kukubwera zinthu."

Adokotala anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva nzeru zakuya. Bodza lija linasanduka lamulo.

Zaka zinapita. Adokotala akale anapuma ntchito, kunabwera ena, nawonso anaphunzira kukuwa kuti "Gwirani!" Aliyense wolembedwa ntchito yogwira agalu ankayamba wadutsa m'manja mwa a Gwirani: mkono wamanzere pansi pa khosi, mutu wa galu pachifuwa, chikhatho chamanja pamaso, chala chachikulu chikukanda kuseri kwa khutu, ndipo koposa zonse, nkhope kukhoma. Wocheuka kuti aone singano ankakalipiridwa ngati waba. Ophunzira za ziweto obwera kudzayeserera ntchito ankalemba zimenezi mwakhama n'kupita nazo kumakoleji kwawo. Ngakhale eni agalu, adokotala akangonyamula jakisoni, ankatembenukira kukhoma okha osauzidwa. Mlendo wolowa m'chipindamo nthawi imeneyo ankapeza anthu akuluakulu ataima chilili, akuyang'anitsitsa kalendala yakalekale ya kampani yogulitsa zakudya za ziweto, yokhala ndi chithunzi cha ng'ombe yamkaka. Kalendalayo palibe ankalimba mtima kuichotsa. Anthu ankati galu wamkota sakandira pachabe, a Gwirani akudziwa chimene akuchita. Ankadziwadi.

Mbiri yawo inatuluka pageti n'kufika mpaka kumene ankakhala. Galu wolusa akalowa pabwalo la munthu, sankaitana apolisi, ankaitana a Gwirani. Amayi ankaopseza nawo ana osamva. Pometetsa tsitsi, amuna anzawo ankawasiyira mpando ndi kuwafunsa za chigalu chakuda chija, chimene chaka chilichonse chinkakulirakulira m'nkhani mpaka kufanana ndi mwana wa ng'ombe. Iwo sankatsutsa. Ulemu ndi wokoma, ndipo munthu amene anayamba ndi kusenza anyezi sautaya mwachisawawa.

Kunyumba kokha n'kumene kunali munthu wosanamizika. Akazi awo ankasoka zovala pamakina pakhonde, ndipo anazindikira chaka choyamba cha ukwati kuti iwo akangotenga singano kuti alowetse ulusi, amuna awo ankakumbukira kuti njinga ikufuna kupopa. Ana akamapita kukabayidwa kusikelo, abambo ankawaperekeza mpaka pageti n'kutsala pamenepo, amvekere "ndikulondera njinga," ngakhale tsiku limene anapita wapansi. Mayiwo sanauze munthu, ngakhale achemwali awo a bere limodzi. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Komanso ankawakonda amuna awo, ndipo chifukwa chinalipo. Tsiku limene kunafika uthenga woti amayi awo owabereka amwalira, iwo anagwa pakhonde paja n'kumadzigubuduza, anthu kusowa pogwira. A Gwirani anagwada, anawaika mutu pachifuwa, anawaphimba maso ndi chikhatho, chala chikusisita kuseri kwa khutu, n'kumangoti "basi, basi," mpaka kulira kunasanduka kusisima. Mayiwo anadziwa bwino lomwe kuti agwiridwa ngati galu wa kuntchito, koma sanadandaule, chifukwa zinathandiza.

Chimene ankadandaula nacho ndi mabala. Palibe amagwira agalu moyo wake wonse osalawa mano. Lamulo la pachipatala linali lakuti wolumidwa anene msanga, akwezedwe galimoto, akabayidwe kuchipatala cha anthu. Choncho a Gwirani sankalumidwa. Ankavala ovolosi ya mikono yaitali ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo masiku ena madzulo ankafika kunyumba dzanja lili m'thumba, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza mopitirira muyeso. Akazi awo akangomva nyimboyo ankaimitsa makina n'kukatenga sopo.

"Lero ndi msomali wa pati?"

"Wa pachitseko cha khola, mayi."

"Msomali wa mano anayi. Bweretsani kuno dzanjalo."

Ankawatsuka bala pampopi mpaka sopo kuchepa, pakamwa posatseka. Kuntchito, kumapeto kwa chaka china, a Gwirani anapatsidwa wotchi yapakhoma monga wantchito wosamala kuposa onse, amene sanalumidwepo chiyambire. Wotchiyo inapachikidwa pabalaza, pamwamba penipeni pa mpando umene ankakhalapo akamamangidwa mabala.

Ndiye kunabwera za a Mluzu. Amenewa anali anzawo a pantchito, owonda, anthabwala, oti galu aliyense anali ndi mluzu wakewake womuitanira. Kagalu kena kotoledwa mumsewu kanawakanda ndi dzino pachala, kabala kosati n'kuonetsa munthu. A Mluzu anapukuta chala pa ovolosi n'kupitiriza ntchito, poti anali ataonera kwa akulu awo kuti mwamuna weniweni sathamangira kuchipatala ndi timabala. Patapita miyezi anayamba kudandaula mutu, kenako dzanzi kudzanja, kenako anayamba kuopa madzi. A Gwirani anapita kukawaona kuchipatala. Anawapeza atamangidwa pabedi ndi nsalu, milomo itauma gwa, akazi awo ataima pakona ndi kapu ya madzi imene sakanatha kuyandikira nayo. Chiwewe chikafika pamenepo sichibwerera. Pamaliro a Gwirani ananyamula nawo bokosi, mtima ukuwawa kuposa phewa, chifukwa ankadziwa amene anaphunzitsa munthuyo kubisa bala.

Nthawi imeneyo chipatala cha ziweto chija chinali chitagulidwa ndi kampani, ndipo kampaniyo inatumiza abwana a tayi, amene ankakweza miyendo pampando kagalu kakalowa muofesi. Kumanda abwanawo analankhula mpaka anthu kutopa n'kuima. Anati kampani yataya mwana wake. Anati zoterezi sizidzachitikanso iwo ali moyo. Atatero anakwera galimoto, nkhani n'kuthera pomwepo. Mvula inagwa, inasiya. Mufiriji ya m'chipinda chobayira munali modzaza katemera wa chiwewe wa agalu, ndipo galu aliyense wolowa pageti ankatuluka wotetezedwa, ndi kakhadi kake kodinda bwino. Anthu ogwira agaluwo ankatuluka ndi ubweya pa ovolosi.

Chikondi cha kampani chinadzuka tsiku limene kunabwera anthu awiri a ku ofesi yoona za antchito, atanyamula zikwama, n'kumafunsa mafunso osasangalatsa. Atangotuluka pageti, abwana anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa pabwalo.

"Kampani ino ndi banja limodzi," anatero, dzanja lili pamtima. "Ine tulo sindiliona poganizira miyoyo yanu. Choncho ndaganiza, mwa ine ndekha, popanda wondikakamiza, kuti wantchito aliyense amene ali pachiopsezo alandire katemera wa chiwewe. Waulere! Anesi abwera Lachitatu."

Palibe anaomba m'manja. A muofesi anayang'anana, wina n'kunong'ona kuti ameneyo ndi katemera wa agalu, munthu ukabayidwa umayamba kukweza mwendo ukaona mtengo. Aliyense anati iye sali pachiopsezo chilichonse, yake ndi ntchito ya mapepala. Koma m'mawa mwake kunamveka kuti wobayidwa alandira tisheti yolembedwa dzina la kampani, botolo la chakumwa chozizira, ndipo aweruka masana. Apo chiopsezo chinafalikira chipatala chonse kuposa chimfine. Mkulu wolemba malipiro anati malisiti amene amagwira amachokera m'manja mwa anthu onyambitidwa ndi agalu. Mayi wa pafoni anati zenera lake linayang'ana kumakola, kuuwa konse kumathera pa iye. Dalaivala anati matayala ake amakodzeredwa tsiku ndi tsiku, ndipo amene amawasintha ndi iye. Kunatulukiranso alamu awo a abwana, amene palibe ankadziwa kuti amagwira ntchito pakampanipo.

Lachitatu pageti anapachikapo chinsalu cholembedwa kuti TIMASAMALA ANTCHITO ATHU. Anesi anafika ndi kabokosi kozizira, mayi wa nkhope ya munthu amene waona mikono yambiri ndipo sadabwanso ndi kanthu. Anawakhazika muofesi ya abwana, pampando wofewa. Woyamba anali abwana eni ake, kuti apereke chitsanzo, ndipo chitsanzocho chinatenga nthawi, chifukwa wojambula zithunzi ankati kuwala sikunakhale bwino, anesi agwirenso jakisoni pafupi ndi mkono, abwana amwetulirenso.

A Gwirani anaima pamzere atavala ovolosi yochapa. Mzere ukasuntha, iwo ankacheukira wa kumbuyo kwawo. "Pitani patsogolo, achimwene, inu muli ndi ana aang'ono." "Dutsani, mayi, musaime padzuwa." Anadutsitsa a muofesi onse, anadutsitsa alamu a abwana, anadutsitsa mlonda, ndipo pomaliza anakankhira kutsogolo anzawo awiri ogwira agalu, wamtali amene ankamuti a Nsungwi ndi wonenepa amene ankamuti a Ndevu. Anthu anagoma nako kudzichepetsa kumeneku. Abwana anawaloza ndi botolo la chakumwa, amvekere, "Mtima umenewu ndi umene tikufuna pakampani pano!" Atafika pakhomo, atatsala okha, anesi anasuzumira m'kabokosi n'kupukusa mutu. Katemera anali atatha. Pachipatala chonse, amene anatsala ndi munthu yekhayo wa zipsera kuyambira kuchala mpaka kuchigongono.

Tsiku limenelo a Gwirani anapalasa njinga ngati kamnyamata. Anaima panjira n'kugulira akazi awo nthochi.

"Tione pamene abayapo," anatero mayi.

"Katemera anatha, mayi. Anthu anachuluka. Tsoka langa."

"Tsoka lanulo likuoneka kuti lakusangalatsani." Anaziyang'ana nthochi zija koma sanazikhudze.

Chimwemwe sichinakhalitse. Anthu a zikwama aja anabweranso, ndipo sanafune kuona chinsalu cha pageti kapena zithunzi za abwana akumwetulira. Anati tiitanireni amene amagwira agalu. Atamva kuti mkulu wa ogwira agalu onse sanabayidwe pamene mayi wa pafoni anabayidwa, analemba zambirimbiri, ndipo abwana anatuluka muofesi tayi itakhota.

"A Gwirani, mukufuna kundichotsetsa ntchito? Anesi abweranso sabata yamawa, poti katemerayu amabaya kawiri. Inu mukhale woyamba. Wosabayidwa sakhudzanso galu pano."

Sabata yamawayo a Gwirani anakaika maliro a azakhali awo. Azakhaliwo anali atamwalira kalekale, koma anali munthu wabwino, sakanakana kuthandiza mwana wa mlongo wawo kachiwiri. Sanali okha osowa tsiku limenelo. Ulendo uno kunalibe tisheti, kunalibe chakumwa, kunalibe wojambula, ndipo chiopsezo chinapezeka kuti chatha pachipatala chonse. Mkulu wolemba malipiro anadzitsekera, akuti ntchito yachuluka. Mayi wa pafoni anati mkono uja sunapole. Alamu a abwana anazimiririka monga anatulukira. Anesi anabaya a Nsungwi ndi a Ndevu n'kubwerera ndi kabokosi kodzaza.

Atabwera kumaliro kuja, a Gwirani anapeza ovolosi yawo yachotsedwa pamsomali. Abwana anawapatsa chipewa cha mlonda, amene anali patchuthi, n'kuwauza kuti azitsegula geti. Anesi abwera ulendo umodzi wotsiriza. Mlonda akabwerako iwo asanabayidwe, ndiye kuti pachipatalapo malo awo palibe.

Geti ndi ntchito yopepuka, koma inawalemera kuposa matumba a anyezi aja. Agalu amene anawagwira ali tiana ankafika, kuwanunkhiza mawondo, kugwedeza mchira, n'kukokeredwa mkati akucheuka. Kenako kunkamveka phokoso, tebulo lachitsulo kugubuduka, adokotala kukuwa kuti "Gwirani! Ndati gwirani!", galu kulira ngati akuphedwa. A Nsungwi ndi a Ndevu ankayesetsa, nkhope kukhoma monga mwa lamulo, koma manja awo analibe chija chimene agalu ankachidziwa. A Gwirani ankaima pageti zikhatho zikuyabwa. Ntchito imeneyi ndiyo inawapatsa dzina, inaphunzitsa ana, inafolera nyumba ndi malata. Popanda iyo anali mdala wamfupi wovala chipewa cha eni ake.

Lamulungu masana, atabwera kutchalitchi, akazi awo anakhala pamakina koma sanapondepo.

"Abambo, khalani pansi."

"Njinga ija ikufuna..."

"Njinga yapopedwa mokwanira m'banja muno. Khalani."

Anakhala.

"Dzulo ndinali kwa akazi a malemu a Mluzu. Mpaka lero akamatunga madzi amalira. Inu mukuganiza kuti ine ndikamakutsukani mabala ndimakhala ndikuseka? Bala likapola inu mumaiwala, ine m'pamene ndimayamba kudikira. Mukangoti mutu, mtima wanga umangoti myu. Ndikakupatsani madzi akumwa ndimakuyang'anani pakhosi mpaka mumeze. Zaka zonsezi, abambo. Ndatopa nawo mantha."

A Gwirani anayang'ana pansi. Zimenezi sankazidziwa. Ankaona ngati ndi ulemu chabe kuti akazi awo amaima pafupi iwo akamamwa madzi, ndipo nthawi zina ankanyadira nazo kwa anzawo. Manyazi anawagwira.

"Mayi, inu simukudziwa. Singano ija, ine..."

"Ndikudziwa. Ndinadziwa tisanabereke mwana woyamba."

"Ndiye mukufuna ndikagwe pansi pamaso pa anthu amene ndinawaphunzitsa ntchito? Akandiseke a Nsungwi? Nkhani ikafike pometetsa tsitsi? Bola kulondera geti."

"Geti lili ndi mwini wake. Ndipo bola akusekeni kusiyana n'kuti akulireni." Anaponda makina, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lotsiriza la anesi, abwana anati ofesi yawo ili ndi ntchito zofunika, choncho anesi anakakhazikidwa m'chipinda chobayira agalu. A Gwirani anali pageti akulingalira kuti mwa amalume awo ndani angamwalire mosavuta, ataona akazi awo akubwera mumsewu wafumbi, atavala diresi la kutchalitchi, chikwama chili pamkono. Chikwatirane mayiwo anali asanapondepo kuntchito kwa amuna awo.

"Mayi, kwagwanji kunyumba?"

"Kunyumba kuli bwino. Vulani chipewa cha eni akecho."

Anawagwira padzanja n'kuwatsogolera kudutsa pabwalo, kudutsa makola, agalu akuuwa mbali zonse ngati akuwalonjera. Chipinda chinali chomwe chija: fungo la mankhwala okolopera, firiji ikung'ung'udza pakona, tebulo lachitsulo lokandikakandika, ng'ombe ya pakalendala. Munali adokotala, a Nsungwi ndi a Ndevu. Mpando unalipo umodzi ndipo anali atakhalapo anesi, choncho a Gwirani anakhala m'mphepete mwa tebulo la agalu, miyendo ili lendelende.

"Pindani malaya, bambo," anatero anesi.

Anapinda. Zipsera za zaka zonse zija zinaonekera poyera, zakale zoyererako, zatsopano zakuda, zina pamwamba pa zinzake. A Ndevu anatsegula pakamwa, a Nsungwi n'kuwaponda phazi.

"Bambo, zonsezi ndi chiyani?"

"Misomali," anayankha akazi awo.

Anesi anawayang'ana mayiwo, anawayang'ananso abambo. "Chabwino. Koma msomali wina ukadzakulumani, mudzapitebe kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mwabayidwa katemerayu. Mwamva?"

"Amva," anatero mayi.

Anesi anatulutsa kabotolo, anang'amba kapepala ka jakisoni, kansonga n'kung'anima. A Gwirani anaona benchi, anaona amalume, anaona kapoto kakuwira. M'makutu munalira, chipinda chinayamba kupendekeka, ndipo thupi linayamba lokha kutsetsereka patebulo kulunjika kukhomo. Adokotala, amene zaka zonsezi akaona jakisoni m'mwamba ndi chinthu chikutsetsereka patebulo pakamwa pawo pankatuluka mawu amodzi okha, anakuwa asanaganize n'komwe.

"Gwirani!"

Mayi anaika chikwama pansi. Anapisa mkono wamanzere pansi pa khosi la amuna awo, anakokera mutu wa imvi uja pachifuwa chawo, anawaphimba maso ndi chikhatho, chala chachikulu n'kupeza malo ake kuseri kwa khutu.

"Basi, basi, mwana wabwino," ananong'ona. "Zatha kale. Tikupita kunyumba."

Mumdima wa chikhathocho munkanunkhira sopo ndi mafuta a makina osokera. A Gwirani anamva mtima wa akazi awo ukugunda pakhutu pawo, mofulumira kuposa wawo. Anamva kuzizira kwa thonje paphewa, kenako kuluma. Pakhosi pawo panatuluka kamawu kakang'ono, kopyapyala, kamene munthu wa chifuwa chotero sayenera kukhala nako, ndipo misozi inanyowetsa zala za mayi.

"Ndamaliza," anatero anesi.

Chikhatho chitachoka, chimene anayamba kuona ndi misana itatu. Adokotala, a Nsungwi ndi a Ndevu anali ataima chilili, manja kumbuyo, akuyang'anitsitsa ng'ombe ya pakalendala ngati aiona lero.

A Gwirani anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya. Anatsokomola. "Mwaona chiyani, anyamata inu?"

"Ng'ombe, akulu," anatero a Nsungwi osacheuka. "Si mmene munatiphunzitsira?"

"Nanga mwamva chiyani?"

"Kagalu ka m'khola lakumapeto," anatero a Ndevu. "Kakhala kakulira chiyambire m'mawa."

Khola lakumapeto linali lopanda kanthu sabata yonseyo, ndipo onse m'chipindamo ankadziwa.

"Wachiwiri sabata yamawa, tsiku ngati lomweli," anatero anesi akutseka kabokosi. "Mundipeze kuchipatala kwathu, kuno ndatopako."

"Tibwera," anatero mayi. Anatunga madzi pampopi wa pakona, anapatsa amuna awo, ndipo sanadikire kuti ameze. Anatola chikwama chawo n'kutuluka kukakwera basi, poti kunyumba anasiya diresi la munthu lisanathe.

Abwana atamva, anatuluka muofesi n'kulengeza pabwalo kuti chifukwa cha utsogoleri wabwino, kampani yakwanitsa kuteteza antchito ake onse. Anapatsa a Gwirani tisheti yotsala, imene sinkatha kudutsa m'mapewa, ndipo iwo anaipinda bwino kuti akapukutire njinga.

Masana omwewo ovolosi inabwerera pamsomali wake. Woyamba kulowa anali galu wamkulu wofiirira, wonjenjemera miyendo yonse inayi. A Gwirani anamukweza patebulo phewa likuwawa, anamuika mutu pachifuwa, anamuphimba maso, iwo n'kutembenukira kukhoma. Anatsegula pakamwa kuti anene zija za masiku onse, zoti sizipweteka, koma mawuwo anakana kutuluka.

"Zipweteka pang'ono, mwana wabwino," ananong'ona. "Koma ndakugwira."